Mfuti ya Utsi Imene Ndinabwera Nayo Kuchokera ku Jeremani

Anthu a ku Chiuaula, dera lathu kuno ku Lichinga, mpaka lero amati ndinapita ku Jeremani kukafuna njinga yamoto. Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Ine ndinapita chifukwa cha mantha, ndipo sindichita nazo manyazi. Masiku amenewo galimoto ya asilikali inkangoima pamsika wa Lichinga n'kutola mnyamata aliyense amene wayamba kumera ndevu. Lero wapita kukagula mchere, mawa uli kuthengo mfuti ili paphewa. Kufa sindinkakuopa kwenikweni, munthu wa msinkhu umenewo imfa saidziwa. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti tsiku lina adzandiuza kuti ombera munthu uyo, ine n'kuombera. Ndi nkhuku yomwe, kwathu ankazinga ndi mng'ono wanga Jeraldo, ine nditayang'ana kumbali.

Amalume ankagwira ntchito mu ofesi ya boma m'tauni, ndipo ndi iwo amene anandipezera malo pakati pa anyamata otumizidwa kukagwira ntchito kunja. Bambo anali atamwalira kale. Amayi ndi Jeraldo ankakhala kumunda ku Chimbonila, akulima mbatatesi ndi nyemba, nkhondo isanafike kumeneko. Tsiku lonyamuka anabwera onse awiri wapansi. Amayi sanalire, anangondigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti ndikakafika ndikafufuze tchalitchi. Jeraldo ndiye ankangoseka, atasenza chikwama changa pamutu ngati wapaulendo ndi iye.

"Achimwene, mukandigulire nsapato za mpira," anatero. "Koma muyang'anitsitse, zisakhale za akazi. Inu maso anu ndimawadziwa."

Anali wanthabwala Jeraldo, munthu woti pamaliro umamukhazika kutali kuti asakuseketse.

Ife a ku Lichinga tinkadzitama m'ndege kuti kuzizira timakudziwa. Anzathu a kummwera tinkawauza kuti inu mukakauma, ife tikakukwirirani. Epa! Titangotsika, mphepo inatilowa m'mano, tonse kukamwa kunangoti gwa. Kuzizira kwa kwathu kuno umakuthawa ndi moto wa nkhuni. Kwa kumeneko kumakutsata mpaka pabedi, ndipo dzuwa limalowa usanatuluke kuntchito.

Anatiika m'nyumba yaitali kumapeto kwa tauni, pafupi ndi njanji. Pakhomo pankakhala mzungu woyang'anira olowa ndi otuluka, ndipo mlendo sankaloledwa kugona. Ntchito inali mu fabrika yopanga zitofu zachitsulo. Ine ndinali wopala. Chitsulo chikatuluka m'chikombole, ndinkachikanikiza pamwala wozungulira mpaka chisalale. Fumbi lake linkalowa paliponse. Ukamina chakuda, ukalavula chakuda, ukasamba madzi akuda. Anatiuza pochoka kuti tikukaphunzira luso, koma luso limene ndinabwera nalo ndi chifuwa ichi ndimatsokomola mpaka pano.

M'chipinda ndinkagona ndi Saide, Myao wachisilamu wa kufupi ndi kwathu, mwana wa telala. Munthu ameneyu anavutika ndi chakudya kuposa tonse. Kukantini chilichonse chinali ndi nkhumba, ndi msuzi womwe, ndiye iye ankakhalira buledi ndi nsomba za m'chitini. Ankaswali pathaulo pakati pa mabedi athu awiri, ine n'kukweza miyendo kuti apeze malo. Lamlungu tinkaphika nyemba za m'sitolo n'kumazinyoza kuti sizingafike pa za ku Chimbonila, koma mbale n'kutsala yoyera. Ndikagwidwa chimfine ndi iye ankandiwiritsira tiyi, akunditukwana m'Chiyao kuti ndine wofewa ngati mwana wa bwana.

Loweruka tinkasonkhana m'chipinda cha aliyense amene ali ndi wailesi ya kaseti, n'kuvina mpaka mzungu wa pakhomo abwere kudzagogoda. Kuvina kumeneko sikunali kwa chimwemwe ayi. Tinkangofuna kutuluka thukuta ngati kwathu. Mnzathu wina wa ku Cuamba, wofatsa kwambiri, anasiya kulankhula pang'onopang'ono. Ankangokhala pawindo kuyang'ana sitima zikudutsa. Tsiku lina tinabwera kuntchito n'kupeza bedi lake layalulidwa, atamubweza kwawo. Palibe amene anatiuza kuti anafika bwanji.

Kunyumba ndinkatumiza zimene ndikanatha: sopo, nsalu za amayi, mabulangete, ndi nsapato zija za Jeraldo. Zina zinkafika, zina zinkathera m'njira. Makalata ankayenda miyezi. Ina inandiuza kuti Jeraldo wakwatira mtsikana dzina lake Ameliya, woimba bwino kutchalitchi. Ina inati masiku ano sagonanso m'nyumba, amagona m'chimanga. Kenaka makalata anasiya kubwera, ine n'kumangopala zitsulo.

Dziko lija linatembenuka tikuona. Chipupa chimene chinkagawa Ajeremani chitagwa, azungu anavina m'misewu, ifenso tinavina nawo osadziwa kuti tikuvinira chiyani. Posakhalitsa fabrika inayamba kuchotsa anthu, ndipo amene dzulo ankatipatsa moni anayamba kutiyang'ana ngati tawadyera chakudya cha ana. Kunabuka anyamata ometa mpala, ovala nsapato zikuluzikulu za asilikali. Ankayenda m'magulu kusaka munthu wakuda amene ali yekha.

Anyamatawo anamupeza Saide masanasana akudikira sitima ya m'misewu, n'kuyamba kumumenya. Anthu analipo ambiri, koma aliyense anayang'ana nsapato zake. Anatuluka m'chipatala khutu lakumanzere litagontha, mano akutsogolo atachoka. Kuyambira pamenepo ndinkayenda kumanja kwake kuti azindimva.

M'nyumba mwathu aliyense anayamba kusaka chodzitetezera. Ena mipeni, ena matcheni a njinga. Mnyamata wina wa ku Beira anapeza pistola yeniyeni kwa asilikali achilendo amene ankagulitsa katundu wawo pochoka m'dzikomo, ndipo anati atha kundipezera inanso. Anandigwiritsa. Inali yolemera, yozizira. Ndinamubwezera. Ndithawe kupha kwathu ku Niassa kuti ndikaphere ku Jeremani? Ayi ndithu.

Amene anandionetsa njira ina anali mdala wina wachizungu woyendetsa makina onyamulira zitsulo, yekhayo amene ankatipatsabe moni. Ananditengera kusitolo yogulitsa za alenje. Kumeneko kunali mapistola ooneka ngati enieni, akuda, okwana bwino m'dzanja, koma ukasuzumira m'kamwa mwake umaona kachitsulo kopingasa. Zipolopolo zake kunja zinali za mkuwa ngati zinazo, koma kunsonga kunalibe mtovu. Munali wonga wa phokoso ndi mankhwala a utsi wowawa m'maso. Ukaombera munthu pafupi amagwada n'kumalira ndi kutsokomola, iwe n'kuthawa, mawa lake iye n'kudzuka bwinobwino kupita kwa amake. Ndinaona ngati chinthu chimenechi anapangira ine ndekha.

Saide sanachikonde. Anachitembenuzatembenuza m'manja, n'kupukusa mutu.

"Mjangu, ichi chidzakupweteka mwini wakewe," anatero. Mjangu m'Chiyao ndiye kuti mnzanga. "Ukachitulutsa, winayo sadziwa kuti n'cha utsi. Iye atulutsa chake chenicheni. Mfuti izikhala mfuti, apo ayi yenda chimanjamanja."

"Koma palibe amene adzafe ndi dzanja langa."

"Walahi, ndiwe wouma mutu."

Ananena zimenezo akulowetsa kale ulusi pasingano. Anandisokera thumba lobisika mkati mwa kazako wanga, jekete lalikulu laubweya, kumanzere pansi pa nkhwapa. Anasoka bwino moti ngakhale wondikumbatira sakanadziwa kuti muli kanthu.

Ku Jeremani ndinaiombera kamodzi kokha. Linali Lamlungu masana, tikudutsa ndi Saide m'njira ya pansi pa njanji. Anyamata aja anatitsekera kutsogolo, mmodzi akuzunguza tcheni. Dzanja linapita lokha m'kazako. Phuu! M'kati mwa simenti muja phokoso lake linamveka ngati bomba. Watcheniyo anagwada atagwira kumaso, anzake anathawa osacheuka. Tsoka lake mphepo inkachokera komweko, ndiye utsi wonse unatibwerera ife. Tinafika kunyumba misozi ndi mamina zili chuchuchu, Saide akuseka ndi m'kamwa mwake mopanda mano muja, akuti sanaonepo msilikali wodziombera yekha. Ine ndinagona mtima uli mbee. Ndinadziteteza, ndinateteza mnzanga, ndipo palibe mayi amene anaika maliro.

Kontratu yathu ataithetsa anatikweza ndege. Katundu wamkulu, njinga yamoto ndi wailesi ndi makina osokera, anabwera m'mbuyo pasitima yapamadzi, ndipo pistola ija ndinaibisa m'mimba mwa wailesi. Ndi Saide tinasiyana ku Nampula, ine ndikudikira ndege ina. Ndinamva pambuyo pake kuti kwawo anapeza mabwinja, n'kuwolokera ku Malawi kukasaka abale ake m'misasa ya othawa nkhondo. Sindinamuonenso.

Lichinga ndinaipeza itatupa ndi anthu. Midzi yozungulira yonse inali itathawira m'tauni, ndipo mitengo ya paini imene tinkasewerapo tili ana inali itathera pamoto. Amayi ndinawapeza ku Chiuaula, m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba ya amalume. Anali atachepa. Anandigwira kumaso ndi manja awiri n'kunena kuti ndanenepa, ndipo sindinadziwe ngati kumeneko kunali kuyamikira. Achibale amene sindinkawakumbukira n'komwe anabwera kudzandiona, maso ali pachikwama. Sindikuwanena, njala inalipo. Koma palibe ngakhale mmodzi anandifunsa kuti kumeneko ndinkakhala bwanji, ndipo nditayesa kukamba za Saide ndi mano ake, msuweni wanga wina anangoti, "Mano? Kuno tikuwerenga mitu."

Jeraldo sanaimirire n'komwe. Anali khale pamwala, woonda, maso ofiira, akununkha kachasu dzuwa lili pamutu. "Mwabwera, achimwene." Basi, moni wake unathera pamenepo.

Amayi ndi amene anandifotokozera, motsitsa mawu, tikusankha nyemba. Njala itakula m'tauni, Jeraldo ndi Ameliya anazemba kupita ku Chimbonila kukakumba mbatatesi zimene anazisiya m'munda. Anthu a kuthengo, zigawenga zomenyana ndi boma, anawapeza. Jeraldo anali kumunsi kwa munda, ndipo anadzigwetsa pakati pa mizere n'kudzikwirira ndi masamba. Anthuwo anamutenga Ameliya. Ankaitana dzina la mwamuna wake mpaka mawu anazimiririka kuseri kwa phiri, mwamunayo ali chigonere.

Masiku amenewo kunali kutabwera sing'anga wina wochokera kummwera, wotema anthu mphini pachifuwa ndi m'mikono. Ankati wotemedwayo chipolopolo sichimulowa, chimasanduka madzi, bola asatembenuke kuti athawe. Otemedwawo ankapita ndi mikondo ndi zikwanje zokha, akuimba, kukalanda abale awo kwa a kuthengo. Ena ankabweradi ndi anthu. Ena sankabwera, ndipo za amenewo ankati anacheuka. Jeraldo anali atatemedwa kale ine ndisanafike. Koma gulu likamanyamuka, iye m'mimba munkamutsegula, n'kutsala. Pansi pa mtima sankakhulupirira, ndipo ankadzida chifukwa cha zimenezo.

"Usamuseke," anatero amayi. "Mantha akewo ndi amene akundisungira mwana. Ndimapemphera tsiku lililonse kuti asamuchoke."

Katundu wanga atafika, ndinasanduka nyama yoyenda. Ife obwera ku Jeremani tinkadziwika ndi kayendedwe komwe. Mnzathu wina ku Sanjala, m'tauni momwemo, mbala zinamuvula zonse, nsapato ndi wotchi yomwe, anthu akuona. Ndiye ndinamasula wailesi ija n'kubwezera pistola m'thumba lake. Ku Lichinga kumazizira, palibe amene ankadabwa kundiona ndi kazako. Sindinauze munthu, ngakhale amayi, pakuti mfuti yobisa masiku amenewo inkatha kukupititsa kumene anthu sabwerako.

Mkangano unayamba ndi njinga yamoto. Kunali mkulu wina wogulitsa fodya amene ankati akudziwa kumene Ameliya ali, ndipo atapatsidwa njingayo akamuombola. Munthu ameneyu anali atadyera kale mabanja ena mbuzi ndi mawailesi, osabwera ndi munthu ngakhale mmodzi. Ndinakana, ndipo ine ndikamakana sindipaka mafuta. Ndinamuuza Jeraldo kuti wafodyayo ndi mbala, ndipo amene amamumvera ndi chitsiru.

Anangochoka. Mawa lake masana anabwera ataledzera, chikwanje chili m'manja. Pabwalo panali amayi ndi azimayi a nyumba zoyandikana akupeta nyemba, ndi amuna angapo akusewera bawo pansi pa mtengo wa mapichesi.

"Inu munathawa," anatero. "Munakadya buledi wa azungu ife tikugona m'chimanga. Lero mukundiuza kuti chitsulo ichi chikuposa mkazi wanga?"

"Ika chikwanje pansi, Jeraldo, tikambirane."

"Kiyi!"

"Sindikupatsa."

Anatema chishalo cha njinga n'kutembenukira kwa ine. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chipupa. Maso amene ankandiyang'anawo sanali a mwana wa amayi anga. Chikwanje chinakwera m'mwamba. Ndikunena pamaso pa Mulungu, akanandigawa mutu. Dzanja linapita m'kazako monga linachitira pansi pa njanji paja, ndipo ndinaombera pachifuwa pake penipeni.

Nyemba zinamwazika bwalo lonse. Amayi anakuwa, "Mayo ine, wamupha!" Jeraldo anagwa chagada akutsokomola, chikwanje chili uko. Ine mtima unali m'malo, ndinkadziwa kuti pakapita kanthawi adzuka. Ndipo anadzukadi. Anakhala tsonga, misozi ikuyenderera mpaka kunyowetsa malaya. Anadzipapasa. Anadula mabatani n'kuyang'ana pachifuwa. Mphini zija zinali ndandanda, khungu litada pang'ono ndi wonga, koma bala panalibe.

Kenaka mmodzi wa amuna a bawo aja anaimirira pang'onopang'ono, n'kunena chapansipansi kuti, "Chasanduka madzi." Mayi wina anayamba nthungululu.

Mowa unamuthera Jeraldo nthawi yomweyo. Anandiyang'ana, ndipo koyamba chibwerereni changa ndinamuona akuseka. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene wakhulupirira.

"Ayi, ayi, tamverani!" ndinakuwa. "Iyi si mfuti yeniyeni. Ndi ya utsi. Siipha munthu, anaipanga dala kuti isaphe."

Anthu anaseka. Mdala wina wa bawo anati, "Mwanawe, ife takalamba ndi nkhondo ziwiri. Ndani angataye chitsulo chake kupanga mfuti yosapha? Ya ntchito yanji?"

Ndinafotokoza za sitolo ija, za anyamata ometa mpala, za Saide. Ndinkangotaya malovu. Anthu anali ataona moto, atamva kulira kwake, ndipo ataona munthu akudzuka. Ndinatenga dzungu la amayi n'kuliika pamtondo, ndinauza anthu asunthe, n'kuliombera pafupi. Utsi utachoka dzungu linali lathunthu.

"Mwaona?"

"Taona," anatero Jeraldo, akupukuta m'maso. "Yafa. Yakumana ndi mankhwala, siidzaphanso kanthu."

Ndinamuonetsa kachitsulo kopingasa kaja. Anasuzumira, n'kuitana anzake kuti adzaone chipolopolo chimene chakana kutuluka. Choyamba chinasanduka madzi, chachiwiri chakakamira m'mfuti, ndipo kwa iwo zonse zinkagwirizana bwinobwino. Ndinafuna kudzimenyetsa mutu pachipupa. Ndinamuika pistolayo m'manja, n'kutsegula kazako.

"Ndiombere ine. Ndilibe mphini ngakhale imodzi. Ndiombere uone ngati ndigwe."

Anandibwezera ndi manja awiri, mwaulemu. "Nanga ikadzuka? Ndiphe achimwene anga amene andithandiza chotere?"

Kuyambira tsiku limenelo sanamwenso. Anameta, anachapa zovala zake, anayamba kudya. Ankakhala kuseri kwa nyumba akunola mkondo, akuimba chapansipansi. Nthabwala zake zinabwerera, moti wosadziwa akanati mnyamatayu wachira. Nkhani inafalikira Chiuaula yense mpaka ku Sanjala. Amuna ankabwera kudzaona chifuwa chake, ena n'kuchoka pamenepo kupita kukatemedwa. Ine ndinayenda khomo ndi khomo ngati wamisala, ndikunena zomwezomwezo. Ankati azungu anandidya mutu, sindikhulupiriranso za kwathu. Ena ankati ndikuchita manyazi poti ndinafuna kupha mng'ono wanga n'kulephera. Ndinaitana ansembe a kutchalitchi kwathu, anabwera n'kukhala naye pansi. Jeraldo anawamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Ndinatenga kiyi wa njinga yamoto n'kumuikira pamwendo.

"Tenga. Kampatse wafodya uja. Ndi makina osokera omwe, tenga zonse."

"Sindikuifunanso, achimwene. Ndikamutenga ndekha."

Amene anandikhulupirira ndi amayi okha. Sindikudziwa ngati anamvetsa za utsi ndi kachitsulo kopingasa, koma anandiyang'ana kumaso n'kudziwa kuti sindikunama. Anagwada pamaso pa mwana wawo wobereka okha, pafumbi, atamugwira miyendo. Ine sindinathe kuyang'ana.

"Amayi, dzukani, anthu akuona," anatero Jeraldo. "Ndinagona m'mizere iye akundiitana. Musandipemphe kuti ndigonenso."

Tinaganiza zomumanga. Amalume anati munthu wamkulu ungamumange masiku angati, ndipo anzake akabwera kudzamumasula ndi mikondo tidzatani. Amalume anali atatopa nayo nkhondo, chilichonse ankangoti zili m'manja mwa Mulungu. Ndinakwiya nawo, koma nanenso chingwe sindinachitenge.

M'mawa wonyamuka kunali nkhungu. Anabwera kudzandikumbatira, mkondo atautsamiritsa pachipupa.

"Zikomo, achimwene," anatero. "Mwandichotsa mantha."

Ndinamugwira malaya, iye anamasula zala zanga chimodzichimodzi, osakwiya. Anatsika ndi msewu wa ku Chimbonila ali kutsogolo kwa onse, pakuti iye ndiye anali woyesedwa kale. Nyimbo yawo tinaimva nthawi yaitali iwo atabisika kale m'nkhungu.

Patapita masiku ochepa anzake anabwera naye atamunyamula pamachira a mitengo. Gululo silinamuone n'komwe Ameliya. Ena a gululo anawasiya komweko atafa, ndipo pakati pawo panali amuna amene ndinawaona ndi maso anga akubwera pabwalo pathu kudzaona chifuwa chija. Mtembo usanalowe m'nyumba anthu anali atayamba kale kunong'onezana kuti ayenera kuti anacheuka, mantha ake akale anamubwerera. Ankanena mosakayika, pakuti mankhwalawo anawaona okha akugwira ntchito.

Tinamusambitsa ine ndi amalume. Chipolopolo chinalowera kutsogolo, pachifuwa, pambali pa mphini zomwe zija. Kanali kabala kakang'ono koti chala chimodzi n'kutseka. Ndinatsuka magazi ouma, ndinamumanga chibwano, n'kutuluka panja.

Amayi anali khale pakhomo pa kanyumba kawo, azimayi atawazungulira. Sankalira. Atandiona anandikodola, azimayiwo n'kusuntha pang'ono. Ndinagwada pafupi nawo.

"Chalowera kuti?"

"Kutsogolo, amayi."

"Ndiye sanathawe."

"Sanathawe."

Anagwedeza mutu. Kenaka maso awo anatsikira pakazako wanga, pansi pa nkhwapa paja.

"Kumene unagula chinthu chakocho, zenizeni kunalibe?"

"Zinaliko, amayi."

Anayang'ana pabwalo pamene amuna anali atayamba kudula matabwa.

"Ukanamuthyola mwendo," anatero. "Bwenzi pano akutsimphina pabwalo pano, akukutukwana."